Makona opotoka ndi makoma ozungulira mu shawa: kaikidwe ka matailosi

Funso la kaikidwe ka matailosi pa makona opotoka ndi makoma ozungulira mu shawa lafika pondikwana abale, sabata siitha popanda wina kundiponyera chithunzi cha bafa yake pa WhatsApp kuti amisiri apa nditani. Nde ndalemba kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira izi. Khoma loongoka silivuta, aliyense amene anagwirako chipande ndi levulo atha kuliika matailosi n'kuoneka ndithu. Mutu umayamba kupweteka mukafika pa kona ija omanga anaidula mopendeka kuti chitseko chizitseguka bwino, kapena khoma lija lozungulira munaliona pa Pinterest n'kuwauza omanga kuti inenso ndikufuna chonchi. Apo mpomwe bokosi lonse la matailosi limasanduka zibenthu.

Pamalo ovuta ntchito yeniyeni imachitikira pa katoni ndi pensulo, grinder imangobwera kudzatsatira mzere. Oyamba ndi grinder ndi omwe aja amabwerera ku hadiweya n'kukapeza mtundu wa matailosi awo unatha kalekale. Nde pogula onjezerani. Pa bafa wamba timaonjezera 10 peresenti, koma pa ntchito ngati iyi pitani pa 15 olo 20, ndipo onani nambala ya batch ndi shade (gulu lomwe anapangidwira ku fakitale ndi kawalidwe kake) pa bokosi kuti ikhale imodzi mabokosi onse, chifukwa matailosi a dzina limodzi amatha kusiyana kawalidwe akachokera ku batch ina.

Zida: tepi, levulo yaitali, sikweya, pensulo ndi marker yopyapyala, masking tape, sizasi, makatoni (omwe abwera ndi matailosi akukwanirani), tile cutter ija yokanda n'kuthyola, grinder yaing'ono ya 115mm yokhala ndi diamond blade. Blade yake ikhale ya m'mphepete mosalala yopanda mipata, ya mipata ija ndi ya njerwa ndi konkire, imabenthula nkhope ya tailosi. Mufunanso nippers zolumira tailosi pang'onopang'ono, mwala wonolera kapena diamond pad, chipande cha mano, maspesa (timapulasitiki tosiyira mpata wofanana pakati pa matailosi), ndi bevel. Bevel ndi sikweya yopindika yokhala ndi kabawuti pakati, mumaitsamiritsa pa kona n'kumanga kabawutiko, basi yatenga kapendekedwe ka konayo. Akalipentala amakhala nayo, bwerekani, olo pangani nokha ndi timatabwa tiwiri toongoka ndi bawuti imodzi.

1. Yezani kona iliyonse, musakhulupirire maso

Olo kona yooneka yabwinobwino, iyezeni. Kuchokera pa kona pimani 60cm khoma lina, 80cm khoma linalo, kenako pimani pakati pa madontho awiriwo. Pakakwana 100cm ndendende kona ili pa madigiri 90, pakapitirira nde yatseguka, pakaperewera yatsekeka. Ndipo musangoyeza pansi pokha. Ikani bevel pansi, pakati ndi m'mwamba, nthawi zambiri mupeza ngodya zitatu zosiyana pa kona imodzi chifukwa wopaka pulasitala dzanja limasintha akakwera pa benchi. Ikaninso levulo choimirira pa makoma onse awiri muone ngati sanagone. Lembani zonse pakhoma pomwepo ndi pensulo.

2. Konzani khoma ndi pulasitala, osati ndi adhesive

Apa anthu amafuna kuba njira. Khoma lili ndi dzenje la 2cm, iwo akuti tidzadzaza ndi adhesive, simenti yapadera ija yomatira matailosi, poika tailosi. Ayi. Adhesive wamba anapangidwira mamilimita ochepa, mukamuunjika amafota pouma n'kukoka tailosi, mawa mupeza ina yalowa ina yatuluka. Maenje atsekeni ndi dothi la simenti ndi mchenga, zotumphuka zisemeni.

Khoma lozungulira lipangireni chiyezo cha plywood. Jambulani kupindika kwake ndi chingwe chomangirira pa msomali ndi pensulo kumapeto, dulani, kenako muzichiyendetsa pakhoma kuchokera pansi mpaka m'mwamba. Pomwe pakuoneka kuwala pakati pa plywood ndi khoma mpofunika kudzaza. Tailosi siibisa khoma loipa, makamaka timatailosi ting'onoting'ono timaulula bampu iliyonse.

Pansi pakhale potsetsereka kupita ku dreni, 1.5cm mpaka 2cm pa mita iliyonse. Thirani madzi muone komwe akuthamangira musanapitirire. Ndipo pulasitala ndi screed (simenti ndi mchenga yosalazira pansi) zatsopano zipatseni masabata angapo ziume, masiku 28 aja amatchulidwa pa simenti si nthabwala, simenti imafota ikamauma nde ikafotera pansi pa matailosi imawang'amba.

3. Tchingani madzi

Matailosi ndi grout (chodzaza m'mipata ya pakati pa matailosi) si zotchinga madzi, grout wa simenti amamwa. Nyumba zambiri za self-contained mukalowa kuchipinda chogona mupeza penti yatukusira pansi pa khoma logundana ndi shawa, wadirobu kununkha chinyezi, chifukwa chake n'chimenechi. Gulani waterproofing yopaka ndi burashi yoti pamwamba pake pangathe kuikidwa matailosi (funsani zimenezo, ya phula ija yapadenga adhesive sagwirapo bwino), pakani kawiri, ulendo wachiwiri modutsana ndi woyamba. M'makona onse ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi matani kansalu kapadera kolimbitsira waterproofing mkati mwa kupaka koyamba. Pa khoma lozungulira kansaluko kamakana kugona, kamapanga makwinya, nde kaduleni m'tizidutswa tatifupi n'kumatisanjikiza pang'ono kalikonse pa kanzake. Zikauma tsekani dreni, thirani madzi masentimita angapo, lembani pomwe alekeza, bwerani patatha maola 24.

4. Sankhani matailosi potengera kupindika kwa khoma

Tailosi ndi yathyathyathya, khoma n'lozungulira, nde nthawi zonse pamatsala mpata pakati pake, nkhani n'kuti mpatawo ukule bwanji. Masamu ake ndi apafupi: m'lifupi mwa tailosi kuchulukitsa ndi m'lifupi momwemo, kugawa ndi 8, kugawanso ndi radius, kutanthauza utali wa chingwe chija munajambulira khoma. Tinene kuti radius ndi 50cm. Tailosi ya 30cm m'lifupi isiya mpata woposa 2cm, zosatheka. Ya 10cm isiya 2.5mm, zotheka koma khoma lidzaoneka la mbalimbali osati lozungulira. Ya 5cm isiya kupitirira pang'ono theka la milimita, apo diso limangoona kuzungulira. Mwaona kuti mukachepetsa m'lifupi ndi theka mpata umachepa kanayi eti? Nde pali njira ziwiri: mosaic, timatailosi tija tomatidwa pa kaneti m'mapepala a pafupifupi 30cm ndi 30cm, kapena kudula matailosi anu omwewo m'tizidutswa tatitali toima.

Za mtundu: porcelain ndi yolimba, imamwa madzi osafika theka la peresenti, ndiyabwino mu shawa koma kudula kwake n'kovuta, komanso njira yathu yakale ija yoviika matailosi mu mgolo n'kuwamata ndi simenti ndi mchenga siigwira pa porcelain. Imafuna adhesive wolembedwa kuti ngwa porcelain. Ceramic imaduka mosavuta koma yotchipa ija ya msana wofiira ndi nkhope yopyapyala imabenthuka ukangoiyang'ana.

5. Yalani musanasakanize kanthu

Sankhani malo omwe diso limafikira munthu akalowa, nthawi zambiri ndi kona yotulukira kunja kapena khoma lozungulira lija, matailosi athunthu ayambire pamenepo, odula akathere ku kona yobisika. Yalani mzere umodzi pansi ndi maspesa ake muone chomwe chitsale kumapeto. Chikatsala kachidutswa ka 2cm sunthani mzere wonse ndi theka la tailosi. Kachidutswa kowonda pa khoma logona n'koipa kwambiri chifukwa pansi kakhala 2cm m'mwamba 4cm, aliyense aona. Chidutswa cha 20cm chikasintha ndi 2cm yomweyo palibe amazindikira.

Jambulani mzere wa levulo kuzungulira shawa yonse pomwe payambire mzere wachiwiri wa matailosi, ikani thabwa loongoka pamenepo. Thabwalo musalikhomere misomali, mubowola waterproofing yanu, litsamiritseni pa njerwa ndi zibenthu mpaka lifike pa mzere. Dongosolo langa ndi ili: makoma kuyambira mzere wachiwiri kukwera, kenako pansi, pomaliza mzere woyamba wa khoma. Mukatero tailosi ya khoma imakhala pamwamba pa ya pansi n'kubisa m'mphepete mwake pafupifupi sentimita yathunthu, nde olo mzere wopindika wa pansi mutaudula mosalongosoka kwenikweni, suoneka.

6. Chiyezo cha katoni

Apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri amangoti pimani n'kudula, ngati kuti malo a mbali zisanu zosafanana angapimike ndi tepi. Tepi imakupatsani utali koma ngodya siikupatsani.

Malo akakhala a mbali zoongoka koma zopendeka, dulani timizere ta katoni ta 5cm m'lifupi, toongoka bwino. Goneketsani kamzere kamodzi m'mbali iliyonse ya malo otsalawo, koma pakati pa katoni ndi tailosi yoyandikana ikani spesa, ndipo ku khoma siyani 3mm. Pomwe timizere tapingasana matani ndi masking tape mwamphamvu mbali zonse ziwiri, onjezerani kamzere kena kopingasa pakati kuti chisagwedere. Mukachinyamula muli ndi felemu yomwe kunja kwake ndi tailosi yanu ndendende. Musanachichotse lembanipo KUMASO ndi kamuvi koloza m'mwamba. Zikuoneka zachibwana koma matailosi ambiri amafa chifukwa munthu wafika panja, watembenuza katoni osadziwa, wadula bwinobwino tailosi yoti ikanalowa kona ya mbali inayo.

Malo akakhala opindika, dulani katoni yofanana ndendende ndi tailosi yathunthu. Mbali yoyang'ana ku khoma lozungulira ichekeni ndi sizasi timizere tambirimbiri totalikirana 1cm. Ikani katoni pamalo pake ndi maspesa, kanikizani timizere tija ndi chala m'tsinde mwa khoma kuti tipindike kukwera, jambulani pomwe tapindikira, dulani pamenepo, bwezeraniponso muone. Ikakana chepetsani pang'ono, mukapitiriza matanipo kachidutswa kena. Katoni ndi yaulere, bwerezani mpaka ikhale pheee popanda kukakamiza, ndi mpata wofanana kuzungulira.

Kenako matani masking tape pankhope ya tailosi pomwe padutse mzere, ikani chiyezo pamwamba KUMASO kukuyang'anani, jambulani. Tepi imathandiza kuti mzere usafufutike ndi fumbi komanso imachepetsa kubenthuka. Pa khoma logona mzere uliwonse wa matailosi upimeni paokha, pamwamba ndi pansi pa mpata, musadule matailosi asanu ndi muyezo umodzi. Lembani manambala kumsana kwa tailosi ndi pakhoma.

7. Makona opendeka

Kona yolowa mkati ndiyosavuta kuposa mmene anthu amaopera. Olo ikhale ya madigiri 135, simufunika kusema m'mphepete. Dulani matailosi onse awiri mowongoka kuti nkhope zawo zikumane pa kona ndi mpata wa 3mm, kuseri kutsala kampata koma adhesive adzazamo. Cholakwika n'kulowetsa tailosi imodzi mpaka kukhoma n'kugunditsa inayo pamwamba pake monga timachitira pa kona ya 90, pa kona yotseguka msana umagunda msanga kumaso n'kutsala pakamwa.

Kona yotulukira kunja ndiye mayeso. Njira yachidule ndi trim, kachitsulo ka aluminium kapena kapulasitiki kobisa m'mphepete, mugule kolingana ndi kukhuthala kwa tailosi, 8mm, 10mm kapena 12mm. Kona ikaphonya 90 ndi madigiri ochepa trim ya mutu wozungulira imabisa. Koma pa kona ya 135 trim wamba imakhala moyang'ana kumbali, zake zenizeni zilipo koma sizipezeka chisawawa, nde mumatsala ndi mitre, kusema m'mphepete mwa matailosi awiri chakumsana kuti nkhope zikumane zokha.

Lamulo lake n'kugawa ngodya pakati. Kona ya 90, tailosi iliyonse 45. Kona ya 135, iliyonse 67 ndi theka, kutanthauza kuti mukungosemako pang'ono. Kona ya madigiri osadziwika musavutike ndi masamu: tengani ngodya ndi bevel, jambulani pa pepala, dulani, pindani pepalalo pakati mbali ziwiri zigundane, chomwe chatsalacho ndi ngodya ya tailosi iliyonse. Muzichiika m'mphepete mwa tailosi mukamasema.

Kasemedwe kake: gwiritsani ntchito mbali ya tailosi yochokera ku fakitale, osati yomwe mwadula. Matani tepi pankhope, panikizani tailosi pa tebulo m'mphepete mutatulukira kunja pang'ono, pendeketsani grinder, muziyenda maulendo angapo opepuka kuchokera kumsana kusendera kumaso. Musafike pa nkhope. Siyani pafupifupi 1mm ya m'mphepete osaikhudza, chifukwa blade ikangolawa chonyezimira chija chimathothoka tizibenthu, ndipo palibe grout angabise zimenezo. Kotsalako malizani ndi diamond pad pamanja. Kumsana semani mopitirira pang'ono kuposa pepala lija, kuti nkhope zikumane misana isanagundane komanso adhesive apeze polowa. Yesani awiriwo pakhoma ouma kaye.

Poika, dzazani adhesive kuseri kwa mitre mpaka m'mphepete, kona ya mphako imaphwanyika tsiku lomwe wina waigunda ndi ndowa. Siyani kampata ka 1mm mpaka 2mm pakati, kokani ndi masking tape kudutsa kona m'malo angapo mpaka ziume, kenako mudzatseke ndi grout kapena epoxy (guluu wolimba wochita kusakaniza) wa mtundu wofanana, n'kupalapo pang'ono ndi pad kuti pasakhale pakuthwa. Muno munthu amalowa osavala, kona yakuthwa imacheka. Ine maganizo anga, ngati matailosi ndi a ceramic otchipa aja siyani za mitre, sakani trim olo muipinde kona ndi pulasitala ikhale yozungulira. Ndipo ngati mwalemba mmisiri pa mtengo wa pa sikweya mita, makona awa mugwirizane mtengo wapadera, apo ayi awathamangira, kona imodzi ya mitre imadya nthawi yomwe akanamaliza khoma lonse.

Za fumbi ndinene pompano. Fumbi la tailosi lili ndi silica, limaononga mapapo ndipo matenda ake silicosis sachizika. Dulirani panja, valani masiki yeniyeni ya N95 kapena FFP2 osati kansalu, magalasi m'maso, gadi ya grinder isachotsedwe. Ngati mukunyowetsa ndi chinkhupule kuti fumbi lichepe, mawaya akhale a pulagi osati aja olowetsa mu soketi ndi timitengo ta machesi, ndipo polumikizira pasakhale pansi ponyowa.

8. Khoma lozungulira

Onani kaye kuti lapindikira kuti. Lotuluka mimba, tailosi imagunda pakati, m'mbali n'kuyandama, ndipo majointi amatseguka kumaso ngati V. Lolowa mkati, tailosi imagunda m'mbali, pakati n'kutsala mphako, ndipo majointi amapanikizana kumaso. Nde pa lotuluka mimba semaniko pang'ono misana ya tizidutswa kuti nkhope ziyandikane, pa lolowa mkati pakani adhesive wochulukirapo pakati pa msana ndipo spesa muziyiika kumaso kwenikweni.

Utali wa kupindika musaupime pa pulasitala, nkhope ya matailosi idzakhala patsogolo ndi sentimita kapena kuposa, nde utali umasintha. Matani zibenthu zingapo pakhoma ndi tepi, yendetsani chingwe pamwamba pake. Tinene chakwana 80cm. Kachidutswa ka 5cm ndi jointi ya 3mm ndi 5.3cm, tizidutswa 15 tikwana 79.5cm, theka la sentimita lotsalalo mumaligawira m'majointi onse osaoneka. Zikakana kukwana sinthani m'lifupi mwa tizidutswa tonse mofanana, osati kamodzi komaliza kokha.

Tizidutswa tichokere pa matailosi omwe mwaika pa khoma loongoka kuti majointi ogona apitirire mzere umodzi, ndipo ngati tailosi ili ndi maluwa kapena mizere ya marble lembani manambala 1, 2, 3 kumsana mutiike motsatana. Kalikonse kanoleni m'mphepete ndi mwala. Pa cutter ya pamanja tizidutswa towonda kuposa 3cm timathyoka mokhota, makamaka porcelain, apo bola kubwereka makina odula ndi madzi tsiku limodzi.

Jambulani mizere yoima ya levulo pakhoma pakadutsa tizidutswa titatu tilitonse, chifukwa pa khoma lozungulira kupendeka kumabwera mobisika, kalikonse kakaba theka la milimita pofika kumapeto mwagona. Sakanizani adhesive wochepa, akhale woti sakugwa pa chipande, musiyeni mphindi 5 n'kutakasanso. Pakani malo ochepa, mizere ya chipande iyang'ane mbali imodzi, pakaninso kumsana kwa kachidutswa. Kutentha kwa Okutobala adhesive amachita kakhungu pamwamba mphindi zochepa, mukhudzeni ndi chala, akapanda kumata palani mupake wina, ndipo wouma mu ndowa osamuthira madzi kuti adzuke. Zomata timibulu tisanu kumsana kwa tailosi zija mu shawa ayi, madzi amakakhala m'mphakomo, mukagogoda imalira phophopho. Muzichotsa kamodzi mwa apo ndi apo muone ngati msana wonse wagwira. Mukaika tingapo gonekani plywood ija pamwamba muone ngati tikutsatira, komanso yendetsani chikhatho, dzanja limamva bampu diso lisanaone.

Ngati ndi mosaic, gwiritsani chipande cha mano ang'ono a 4mm, apo ayi adhesive atumphukira m'majointi n'kukupatsani ntchito yotokosa tsiku lonse. Kanikizani ndi float, chipande chosalala cha labala, osati zala. Pomwe khoma lapindika kwambiri chekani kaneti m'mizere yoima mugawe mipata nokha, ndipo samalani pokumana mapepala awiri, mpata wake ufanane ndi wa mkati, apo ayi mabokosi a 30cm adzaoneka khoma lonse. Ya galasi imafuna adhesive woyera. Kumbukiraninso kuti mosaic nthawi zambiri ndi yopyapyala kuposa matailosi a khoma, nde malo ake akwezeni kaye ndi kupaka kopyapyala dzulo lake kuti nkhope zidzalingane.

9. Kudula mzere wopindika, pansi, ndi mapaipi

Mzere wotuluka kunja ndi wosavuta, dulani mowongoka kangapo kuchotsa zambiri kenako semani mpaka pa mzere. Wolowa mkati mwa tailosi ndiye umathyola. Yambani ndi kukanda mzere wonse ndi grinder mopepuka, milimita imodzi kapena ziwiri kuya. Kenako chekani kuchokera m'mphepete kulowa mpaka pa mzere, timizere totalikirana 1cm, mbali yotayayo ikhale ngati mano a chipeso. Thyolani mano amenewo limodzilimodzi ndi nippers, salazani ndi grinder mopepuka, malizani ndi pad. Tailosi ikhale pa thabwa lathyathyathya, ikanjenjemera imang'aluka. Podula ngati L, boolani kaye kabowo pomwe mizere iwiri ikumane, ming'alu imakonda kuyambira pa kona yakuthwa yamkati.

Pansi pa shawa ya makona achilendo ine ndimalimbikitsa matailosi ang'ono osaterera, a 5cm kapena 10cm, amatsatira kutsetsereka okha ndipo majointi ambiri amagwira phazi. Mukaumirira aakulu muyenera kuwadula modutsa kuchokera ku makona a dreni kupita ku makona a shawa, amisiri amati envelope cut, kuti chigawo chilichonse chigone payekha kuyang'ana ku dreni. Mizere imeneyi iyenera kugwera pomwe screed yapindikira, nde ngati mukudziwa kuti mudzaika aakulu muuzeni wa screed asanayambe. Nkhope ya tailosi ikhale pamwamba pang'ono pa dreni, milimita imodzi kapena ziwiri, osati pansi pake.

Mabowo a mapaipi gwiritsani diamond hole saw, kachitsulo kozungulira koboolera matailosi, pa drill yopanda hammer, yambani mopendeketsa kuti isaterereke kenako imikani, muzinyowetsa. Bowo likule pang'ono kuposa paipi. Zoswa tailosi pakati kuti paipi idutse zija zimanyansa ndipo madzi amalowera pomwepo.

10. Grout ndi silikoni

Dikirani maola 24 osachepera, nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi makamaka kumalo ngati Dedza ndi Mzuzu onjezerani tsiku, porcelain nayonso imachedwetsa kuuma chifukwa siimwa madzi. Chotsani maspesa onse, tokosani adhesive wotsala m'majointi. Grout mukanikize ndi float modutsa chopingasa, pa khoma lozungulira majointi a V aja amadya wambiri nde bwerezani kawiri mpaka adzaze. Pukutani ndi chinkhupule chofinyidwa bwino, chamadzi ambiri chimakokolola grout n'kusiya mtundu wamawangamawanga.

M'makona onse olowa mkati, pomwe khoma lakumana ndi pansi, ndi kuzungulira mapaipi musaikemo grout. Makoma awiri amasuntha mosiyana olo pang'ono bwanji, grout amang'aluka kamzere kowonda ndipo madzi amapeza njira. 3mm ija munasiya ndi ya silikoni, mugule wolembedwa sanitary, ali ndi mankhwala oletsa nkhungu. Mpata ukhale wouma ndi wopanda fumbi. Matani masking tape mbali zonse ziwiri, m'tsinde mwa khoma lozungulira tepi muidule tifupitifupi kuti itsatire, finyirani silikoni mpaka alowe mkati, salazani kamodzi ndi chala chonyowetsa m'madzi a sopo, chotsani tepi nthawi yomweyo asanayambe kuuma.

Silikoni amafuna tsiku lathunthu, grout masiku awiri kapena atatu kutengera zomwe zalembedwa pa paketi, nde kiyani chitseko ndipo a m'nyumba asambe kaye kwina. Matailosi athunthu otsala ndi tizidutswa tingapo ta khoma lozungulira sungani pamalo ouma pamodzi ndi chibenthu cha bokosi cholembedwa batch, pulambala akadzaswa khoma pofuna paipi yodontha mudzazifuna.